Malo Amene Ndinasankha ndi Makutu

Ine ndinakulira m'malaini a pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene munthu sadzutsidwa ndi tambala koma ndi belu. Belulo silinali ngati la ku tchalitchi. Chinali chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo wa bulugamu pafupi ndi ofesi, ndipo mlonda ankachimenya ndi hamala. Likalira koyamba, amayi ankatigwedeza ndi phazi kuti tidzuke. Likalira kachiwiri, aliyense ankayenera kukhala ataima pamzere, dengu lili kumsana, kapitawo akuitana maina. Pakati pa mabelu awiriwo munthu ankasukusula, kudya chinangwa chogona, kufunafuna mpango, n'kukafikabe pamzere nthawi ilipo. Ngakhale a m'laini yomalizira, ya kufupi ndi mtsinje, sankachedwa. Choncho ndinakula ndi lamulo limodzi m'mutu, lakuti kumene belu likumveka, kumeneko ndi pafupi.

Sukulu ndinapitako pang'ono ku mishoni, ndipo ndinalekeza nditadziwa kulemba kalata ndi kuwerenga nyimbo. Za kutalika kwa mtunda sanatiphunzitse, kapena anaphunzitsa tsiku limene ine ndinali m'munda kuthyola tiyi.

Vuto langa lina ndi manyazi. Makolo anga anachokera kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi, ndipo kunyumba tinkayankhula Chilomwe. Chinyanja ndimachidziwa, koma chikamatuluka mkamwa mwanga anthu ena amamwetulira, ndipo kumwetulirako kumandiwawa kuposa mbola ya mavu. Ndiye ndinazolowera mawu amodzi okha: eya. Wondipatsa moni, eya. Wondifunsa njira, eya. Ngakhale tsiku limene amalume anandifunsa ngati ndikumufuna mnyamata wodzandifunsira mbeta, ndinati eya. Mwamwayi tsiku limenelo mtima unkagwirizana ndi pakamwa.

Mwana wathu woyamba atayamba kukwawa, amuna anga anapeza ntchito ku fakitale ya fodya ku Limbe. Ankagona kukompaundi ya amuna okhaokha, m'chipinda chimodzi chothithikana, ndipo kwathu ankabwera kamodzi pamwezi, atayenda tsiku lathunthu. Akafika n'kutambasula manja, mwana ankabisa nkhope m'nsalu mwanga n'kulira.

"Amake mwana," anatero tsiku lina, "mwanayu akundithawa ngati ndine mesenjala wa msonkho."

"Eya."

"Tipeze malo kufupi ndi Limbe, poti ndizipita m'mawa n'kubwera madzulo. M'tauni mwenimweni sitingathe. Kachipinda ka kuseri kwa sitolo kangameze malipiro onse, ife n'kumatafuna chitseko. Ine tsiku loyendayenda ndilibe, ndiponso kwanu nyumba ndi ya mkazi. Mupite kwa achemwali ku Bvumbwe, akakuonetseni midzi, musankhe nokha. Chachikulu n'chimodzi: hutala wachiwiri azindipeza ndili mkati mwa geti."

Anandifotokozera kuti fakitaleyo ili ndi hutala wolira ndi nthunzi. Amalira kawiri m'mawa ndi kamodzi masana, nthawi ya chakudya. Akalira kachiwiri m'mawa geti amatseka, ndipo wochedwa kalaliki amamuika chizindikiro pa tikiti yake ya ntchito. Zizindikiro zikakwana zitatu, tikiti amang'amba. Ine ndinangogwedeza mutu, koma mumtima ndinaseka. Limeneli si belu lathu lomwe lija? Ntchito yosavuta. Ndingokaima pamalo n'kutchera khutu.

Alamu anga, achemwali a amuna anga, amagulitsa kabichi m'mbali mwa msewu ku Bvumbwe. Mawu awo ndi oti akamanong'ona mbuzi za mudzi winawo zimatukula mitu. Ku Bvumbwe komweko sitikanatha kukhala, chifukwa popanda njinga munthu sangayende tsiku ndi tsiku kupita ku Limbe. Ndiye tinalawirira, ine mwana kumsana, nkhuku yopereka kwa mwini malo ili m'khwapa, iwo ali patsogolo kulonjera aliyense.

Malo oyamba anali pafupi kwambiri ndi tauni, koma nthaka inali ya mzungu, ndipo aliyense womangapo ankalipira ndi thangata.

"Iyayi," anatero alamu. "Mwathawa thangata ku Thyolo kuti mudzalipeze litakuyalirani mphasa kuno? Tiyeni!"

Malo achiwiri anali m'munsi mwa phiri, mphepete mwa msewu. Mwini wake anali mayi wamasiye, wa nthochi zambiri ndi mbuzi zisanu. Tisanakhale n'komwe pansi anali atayamba kale.

"Uyu ndiye mlamu wanuyo? Mwana wabwino. Kwanu n'kuti, mwana wanga? Amako alipo? Kamwanaka kayamba mano? Taona kutuwa! Umakasambitsa ndi chiyani? Malo ndi awo, kuseri kwa nthochiko. Sindifuna kanthu, nkhuku yokha ya mwambo. Chimene ndikufuna ine ndi munthu wocheza naye. Chimwalirireni bambo, ndatopa kuyankhula ndi mbuzi. Tizikasinja limodzi, tizikatunga limodzi, uzindiuza za kwanu zonse."

Munthu wocheza naye! Ine?

"Apa ndiye pamalo, mlamu," anatero alamu. "Msewu uwu, madzi awo, Limbe ali kuseri kwa phiri lomweli."

Pamenepo dzuwa linali pa liwombo, nthawi ya hutala wa masana. Ndinachita ngati ndikukakodzetsa mwana, n'kukaima ndekha kuseri kwa nthochi. Ndinatchera khutu. Ndinamva nkhunda, ndinamva mbuzi, ndinamva mayi aja akufotokozera alamu za bondo lawo. Hutala ayi. Ndinabwerera mtima utapepuka. Sindinanene kuti ndakana, sindinanene kuti ndalola. Nditi chiyani? Ndinati eya, tinatsazika, nkhuku ikadali m'khwapa.

M'mawa mwake alamu anali ndi kabichi wofunika kugulitsa asanafote. Anandilozera njira ya ku chitunda china, kumene amalume a amuna awo anali ndi tsala.

"Ingokaonaniko, kuti musadzati sindinakuonetseni. Koma ine sindikukondako."

Ndinakwera ndekha ndi mwana. Pamwamba pake panali nyumba ziwiri zokha, zotalikirana. Mwini malo, amalume aja, anali bambo wokalamba, wogontha pang'ono, woluka mphasa. Ndinagwada n'kuwomba m'manja. Anagwedeza mutu. Ndinanena amene wandituma. Analoza tsala ndi chibwano. Sanandifunse za kwathu, sanandifunse za mano a mwana. Tinakhala chete nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti sindinachezepo bwino ndi munthu ngati tsiku limenelo.

Kenaka dzuwa litafika pakati, hutala analira. Analira bwino, momveka, ngati ali kuseri kwa nkhokwe. Mwana anadzidzimuka. Nditayang'ana kumene kunkachokera kulirako, ndinaona malata a Limbe akunyezimira ndi utsi wa fakitale ukukwera. Pamapazi anga panali kanjira kotsetsereka, koloza kumeneko ndendende. Sindinafunse kuti kanjirako kamafika kuti. Kufunsa kumafuna mawu ambiri, ndipo kwa munthu wogontha kumafuna kukuwa. Ndinangotulutsa nkhuku m'khwapa n'kupereka ndi manja awiri.

Madzulo alamu anandiyang'ana manja.

"Nkhuku ili kuti?"

"Ndapereka."

"Kuchitunda kuja? Mayo ine! Aipha?"

"Eya."

"Mwadya nawo?"

"Eya."

"Ndiye nkhani yatha, nanga nkhuku yodyedwa imabwerera? Koma mlamu, njira yake imazungulira kutali. Mwafunsa?"

"Pali chidule," ndinatero. "Ndiponso hutala amamveka."

Alamu anatsegula pakamwa n'kutsekanso, chinthu chimene sindinaonepo. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuopsa kwa munthu wosayankhulayankhula. Tsiku limene wayankhula mawu asanu otsatizana, anthu amayesa kuti wawaganizira mwezi wonse.

Amuna anga nawonso anagwa m'mbuna yomweyo. Ankabwera Lamulungu kudzamanga, akudzera njira yozungulira ya kumsewu chifukwa cha mitengo ndi udzu zimene ankasenza ndi anzawo. Tsiku lophoma anapukuta thukuta n'kuyang'ana kutsidya.

"Amake mwana, kodi kuno sikutali?"

"Inu mumadzera kumsewu. Anthu akuno ali ndi chidule, ndi icho."

"Munafunsa?"

"Eya."

Eya ameneyo ndimamukumbukirabe. Ndi bodza lalifupi kuposa onse amene ndinanenapo, koma linayendetsa munthu mtunda wautali.

Nyumba inatha. Inali yaing'ono koma yathu, ndipo chitseko chake amuna anga anachikhoma ndi matabwa a mabokosi a tiyi amene bambo anga anapempha kuesiteti. Ndinkachinyadira chitsekocho kuposa nsalu yanga ya ku tchalitchi.

Lolemba loyamba amuna anga anadzuka molawirira, akufuna kunyamuka. Ine ndinawakhazika pansi.

"Dikirani phala. Hutala woyamba sanalire."

Anamwa phala, anasewera ndi mwana. Hutala atalira, ndinawapatsa chipewa monga mmene amayi ankawapatsira bambo dengu, ndipo anatsika ndi kanjira kaja akuimba mluzu. Hutala wachiwiri atalira ndinati mumtima, pano alowa pa geti. Ndinasesa pakhomo ngati mkazi wanzeru.

Anabwera kutada, miyendo itakalikakalika ndi minga, buluku lili ndi chisoso mpaka m'chiuno. Anakhala pakhonde. Ndinawapatsa madzi.

"Chidule chanu chija," anatero, "chimathera pamwala wochapirapo. Kutsidya kwake ndi thengo. Ukatuluka m'thengomo pali chitunda, ukatsika chitundacho pali mtsinje wina. Hutala wachiwiri wandipeza ndikukangana ndi chitedze." Anatulutsa tikiti n'kundionetsa chizindikiro. "Kalaliki wandifunsa ngati ndachokera ku Thekerani."

Ndinafuna kunena kuti pepani. Chimene chinatuluka ndi eya.

Kuyambira pamenepo ankanyamuka tambala woyamba, akudzera kumsewu, n'kubwera mwana atagona kale. Hutala woyamba akamalira ine ndinkadziwa kuti munthu ali kale kutali, thukuta lili kamukamu. Kulira kuja kumene ndinakukonda tsiku loyamba kunasanduka mnansi wachipongwe, wondikumbutsa katatu patsiku kuti ndine chitsiru. Ndinazindikira mochedwa kuti kulira kumauluka ngati khwangwala, sikutsika chigwa, sikuwoloka mtsinje, sikulasidwa ndi minga. Kuesiteti kwathu minda ya tiyi ili ndi tinjira paliponse, ndipo malaini anawamanga dala mozungulira belu. Limbe sanamangire ine.

Amuna anga anaonda. Lamulungu ankagona tsiku lonse. Mwana ankawayang'anabe ngati mlendo, chifukwa ankangowaona ali gone pamphasa. Tinasamuka kuti bambo ndi mwana adziwane, koma chimene mwanayo anadziwa ndi mapazi otupa.

Mvula yoyamba itagwa, kamtsinje ka pakati pa chitunda ndi msewu kanadzaza. Amuna anga anadikira pagombe mpaka madzi ataphwerako. Madzulo anabwera ndi chizindikiro chachiwiri. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Amake mwana, kwatsala kamodzi. Mvula ndi iyi yangoyamba. Mawa ndibwerera kukompaundi. Ndizibwera Lamulungu, mtsinje ukalola."

"Ndiye tasamukiranji?" Mawuwa anandithawa okha.

"Funso limenelo," anatero akumwetulira motopa, "ndi loyamba kulimva kwa inu chikwatiranireni."

Anapita Lachitatu, mphasa ili pamutu. Ndinatsala ndi mwana, chitseko cha mabokosi, ndi bambo wogontha uja, amene tsopano kukhala chete kwake sikunkandikomeranso.

Lachisanu kunacha kopanda mitambo. Hutala woyamba atalira ndinabereka mwana n'kutseka chitseko. Ndinafuna kuti mapazi anga amve okha zimene ndinawapatsa anzawo. Ndinatsika chitunda. Hutala wachiwiri anandipeza ndisanafike n'komwe pamtsinje. Ndinawoloka madzi akulekeza m'mawondo, ndinakwera, ndinatsikanso, ndinatulukira pamsewu. Galimoto yonyamula mabokosi a tiyi inadutsa n'kundithira matope, ngati kuti a kwathu atumiza moni. Ndinayendabe. Mwana analira, ndinamuyamwitsa pansi pa mtengo, ndinayendanso.

Dzuwa litakwera ndithu, ndinaona nthochi zija ndi mbuzi zija. Ndinafunda nsalu kumutu n'kudutsa mofulumira kutsidya lina la msewu. Msewu unakhota kuzungulira phiri, ndipo ndisanatope n'komwe, chumuni cha fakitale chinali patsogolo panga, chachikulu, chikufuka. Kuchokera panthochi paja kufika pageti unali mtunda ngati wa kulaini yomalizira kufika pabulugamu wa belu. Phiri lokha ndilo linkatsekereza kulira.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akundilambalala. Ndipo poti pepala silimwetulira munthu akamayankhula, ndinena zoona zonse. Tsiku lija kuseri kwa nthochi, hutala atapanda kumveka, ndinakondwa. Sindinathawe phiri. Ndinathawa pakamwa pa mayi aja. Ndinayendetsa mwamuna wanga mumdima ndi m'madzi miyezi iwiri kuti ine ndisamayankhe mafunso a munthu wokalamba wosowa mnzake.

Sindinadikire kuti amuna anga atuluke. Ndinabwerera. Mayi aja ndinawapeza akusenda nthochi zophika.

"Odi."

"Odini! Aa, si mwana wa eya uja? Ndinakuona ukudutsa utadzifunditsa ngati maliro. Khala, khala. Akuti unakamanga kuchitunda, kwa nkhalamba yosamva ija? Mumacheza bwanji, ndi maso?"

Ndinagwada. Mawu amene ndinawakonza panjira anabalalika ngati anapiye.

"Amayi, malo aja."

"Ati chiyani malo aja? Kweza mawu, ine si mfiti yomva za mumtima."

"Malo aja a kuseri kwa nthochi. Kodi alipo?"

"Alipo kapena palibe, iwe ukufuna chiyani?"

Ndinaona kuti eya sandipulumutsa. Ndiye ndinayamba. Ndinawauza za belu la kuesiteti, za hutala, za chidule chothera pamwala, za zizindikiro ziwiri, za mwana wothawa bambo ake. Pena Chinyanja chinkandithera n'kulowetsa Chilomwe. Ndinayankhula mawu ambiri kuposa amene ndinayankhula chaka chonsecho. Nditafika poti ndinaima kuseri kwa nthochi zawo kumvetsera, mayiwo anaika mpeni pansi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Unasankha malo ndi makutu? Mwana wanga, kodi amuna ako amayenda ndi makutu? Anthu inu a kutiyi! Ukanangondifunsa. Ine amuna anga anagwira ntchito ku njanji ku Limbe komweko mpaka imfa, osachedwapo." Anapukuta misozi. "Malo alipo. Anabwera ena, ndinawakana, anali olongolola kwambiri. Ubwere ndi nkhuku. Koma pangano lija silinasinthe, ndikufuna wocheza naye."

"Ndiyesetsa, amayi."

"Ee, wayamba kale. Kamwanaka mano angati?"

"Anayi."

"Waona? Sunafe."

Nkhuku imene inatsala inali thadzi langa lokhalo, ndipo linali litangoyamba kuikira. Ndinalipereka. Kwa bambo a kuchitunda ndinakatsazika mokuwa, mpaka a m'nyumba inayo anatuluka kudzaona. Bambowo anagwedeza mutu monga tsiku loyamba, ngati kuti ankadziwa kale kuti sindikhalitsa.

Kusamuka m'nyengo ya mvula ndi chinthu chimene munthu wanzeru sachita, koma za nzeru ndinali nditasiya kale kudzitama nazo. Lamulungu amuna anga ndi anzawo anazula mitengo ndi kusasula udzu. Ine ndinasenza chitseko. Ndinayenda nacho pamutu njira yonse ija, mwana kumsana, ndipo alamu anabwera dala kuchokera ku Bvumbwe kudzandiperekeza, akulengeza kwa aliyense wokumana naye.

"Patukani, patukani! Akudutsa mlamu wanga wa chidule!"

Anthu anaseka, ine ndinabisala pansi pa chitseko changa. Chinandithandiza, chifukwa mvula inatipeza panjira.

Tinagona kukhitchini kwa mayi aja mpaka nyumba itauma. Vuto linatsala limodzi: pamalo patsopanopo hutala samveka, ndipo wotchi tilibe. Ndinada nkhawa kuti chizindikiro chachitatu chidzabwera chifukwa cha tulo. Koma m'mawa woyamba, kukungoyera, tinamva mawu kukhola.

"Iwe wamawanga, choka apo! Dzulo wadya nyemba za yani? Ukuyesa sindinakuone?"

Mayi aja amatsegulira mbuzi zawo nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo iliyonse amaiwerengera milandu yake. Amuna anga anadzuka, anasamba, anamwa phala. Pamene mayiwo ankamaliza mlandu wa mbuzi yachisanu, iwo anali atavala chipewa. Anafika geti lili pululu. Tikiti ija inatha nthawi yake ndi zizindikiro ziwiri zomwezo, ndipo yotsatira inalibe n'chimodzi chomwe.

Tsopano papita mvula ziwiri. Amuna anga amafika dzuwa lisanalowe, ndipo mwana amawachingamira kumsewu, n'kuwalanda chipewa. Ine ndimasinja ndi mayi aja, ndimatunga nawo madzi, ndipo za bondo lawo ndimazidziwa kuposa za langa. Mafunso awo sanathe. Dzulo lomweli anandifunsa chimene ndikulemba pa mapepala okulungira fodya amene amuna anga amanditolera. Ndinawauza kuti ndikulemba za mmene ndinasankhira malo.

"Ulembemonso kuti thadzi lako lija linali lowonda," anatero.

Ndalemba.